Masanje a Moto: Kuphunzitsa Ana Mbiri ya Mzinda mwa Sewero

Nkhani ya makolo ndi aphunzitsi a ana aang'ono, monga inakambidwira pa wailesi

Munthu wochokera ku Limbe kupita ku Blantyre pa mseu wa Masauko Chipembere amadutsa pa Ginnery Corner, dzina lokumbutsa makina ochotsera njere m'thonje. Pamenepo pali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu ambiri amachitchula kuti ku Gulupu. M'chipatalamo muli chipinda chogonekamo anthu opsa ndi moto, chimene chinatsegulidwa mu 1993 ndi thandizo la madokotala a ku Scotland.

Aliyense amene analowapo m'chipindacho amadziwa kuti ambiri ogona pa mabedi ake ndi ana, ndipo ochuluka mwa anawo ndi aang'ono kwambiri. Wina anagwera pa mbaula. Wina anakoka mphika wa phala uli pamoto. Wina chovala chake chinayaka akuotha m'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chimakuta mzinda. Wina anatsekeredwa m'nyumba kandulo ikuyaka, makolo atapita kukasaka ndiwo. Amene amachira amatenga zipsera zimene adzafe nazo, ndipo ena zala kapena chigongono zimakwinyika kotero kuti kugwira pensulo kapena khasu kumavuta.

Palibe kholo limene silinauzepo mwana wake kuti moto saseweretsa. Mauwa mwana amawamva m'mawa, koma pofika masana waiwala, pakuti mutu wa mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi sugwira malamulo monga momwe umagwirira nkhani. Mwana yemweyo amene waiwala langizo la dzulo angathe kufotokoza nthano ya Kalulu ndi Fisi imene anaimva chaka chatha, osaphonya ndi pamodzi pomwe. Tsono akaisewera nthanoyo ndi anzake, iye n'kukhala Kalulu, ndiye kuti yakhazikika mpaka ukalamba. Nkhani ya lero ikukamba za njira imeneyi, yotenga mbiri yoona ya moto umene unaononga mzinda ndi kuipereka kwa ana kuti aisewere.

Makolo akale anayamba kale

Njirayi si yachilendo m'dziko muno. Achewa akale pofuna kufotokoza chiyambi cha zinthu ankasimba nkhani ya moto. Amati pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, mpaka tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, nyama zina zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mwana womva nkhaniyi ankazindikira kuti moto umene umapsetsa nsima ndi womwewo umene ungathe kumwaza mudzi.

Nalo sewero linalipo. Anthu akatha kukolola, ana ankamanga timisasa ta mapesi ndi udzu kumbali kwa mudzi, n'kuchita masanje. Ankasankhana kuti uyu akhale mayi, uyu bambo, uyu mfumu, ndipo zakudya zimene akunkha m'minda ankaphikadi. M'masanjemo mtsikana ankaphunzira kuika mafuwa, mnyamata ankaphunzira kufolera denga, ndipo onse ankaona mmene mlandu umazengedwera pabwalo. Panalibe bolodi kapena choko, komabe maphunziro ankachitika. Mphunzitsi wa lero amene akukonza sewero m'kalasi akungobwezeretsa masanje pa malo amene anali nawo kale.

Moto wa ku London

Dziko limene lazolowera kwambiri kuphunzitsa ana aang'ono mbiri ya moto mwa njira imeneyi ndi England. Kumeneko ana a zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri amaphunzira za moto waukulu umene unatentha London mu 1666. Chaka chimenecho ufumu wa Maravi, pansi pa Kalonga, unali pa mphamvu kuno, ndipo panali patatsala zaka 210 kuti amishoni a mpingo wa ku Scotland amange mishoni ya Blantyre.

Motowo unayamba usiku, kutatsala maola ochepa kuti kuche, Lamulungu pa 2 September, m'nyumba yophikira buledi ya Thomas Farriner mu kamseu kotchedwa Pudding Lane. Banja lake linapulumuka potulukira pa zenera la pamwamba ndi kudutsira ku nyumba yoyandikana nayo, koma mtsikana wantchito anachita mantha kutsatira, ndipo anafera momwemo. Mzindawo unali utauma kaamba ka ng'amba ya miyezi ingapo. Nyumba zambiri zinali zamatabwa, zomangidwa mothithikana, ndipo timiseu tinali topapatiza. Chakufupi ndi mtsinje wa Thames kunali nyumba zosungiramo mafuta, phula, malasha ndi zingwe. Pamwamba pa zonsezi kunkaomba mphepo yamphamvu yochokera kuvuma.

Masiku amenewo kunalibe gulu la ozimitsa moto monga alili lero. Anthu ankadalira ndowa zachikopa, timapampu ta pamanja, ndi ngowe zazitali zogwetsera nyumba. Nzeru yake inali yomweyo imene mlimi amagwiritsa ntchito polambula m'mbali mwa nkhalango yake chilimwe chisanafike: moto ukafika pa malo opanda choti udye, umaima. Anthu anauza mfumu ya mzinda, Sir Thomas Bloodworth, kuti nyumba zoyandikana ndi motowo zigwetsedwe msanga. Iye anaupeputsa motowo, nazengereza poopa kugwetsa nyumba eni ake asanavomereze. Pamene lamulo linkaperekedwa n'kuti moto utakula kale.

Zambiri za masiku amenewo zimadziwika chifukwa cha Samuel Pepys, mkulu wina wa mu ofesi yoyang'anira zombo za nkhondo, amene ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'buku lake. Wantchito wake atamudzutsa usiku, iye anasuzumira pazenera, naona ngati motowo uli kutali, n'kubwerera kukagona. Kutacha anaona kukula kwa ngoziyo ndipo anapita kukauza Mfumu Charles II. Pambuyo pake, poopa kuti nyumba yake ipsa, anakumba dzenje m'dimba n'kukwiriramo vinyo ndi tchizi.

Lachiwiri moto unagwira tchalitchi chachikulu cha St Paul's. Mtovu wa padenga unasungunuka n'kuyenderera, ndipo mabuku amene ogulitsa mabuku anabisa m'chipinda chapansi, poganiza kuti makoma amiyala awateteza, anapsa onse. Moto unagonja pamene mphepo inaleka ndiponso pamene asilikali anayamba kuphwasula nyumba ndi onga kuti pakhale mipata yaikulu. Pofika Lachinayi pa 6 September, nyumba pafupifupi 13,200 ndi matchalitchi 87 zinali phulusa, ndipo anthu pafupifupi 70,000 anali opanda pogona. Imfa zimene zinalembedwa zinali zochepa kwambiri, koma akatswiri ambiri a mbiri amakhulupirira kuti osauka ena anafa osawerengedwa. Chaka chotsatira lamulo linakhazikitsidwa lakuti nyumba zatsopano zizimangidwa ndi njerwa kapena miyala. Sir Christopher Wren anamanganso St Paul's, ndipo pafupi ndi Pudding Lane panaimikidwa chipilala chotalika mamita 61 chimene chilipo mpaka lero.

M'sukulu za kumeneko ana amaisewera nkhani imeneyi. Wina amakhala wophika buledi, wina mfumu ya mzinda yozengereza ija, wina Pepys ndi tchizi chake, ena opalasa mabwato othawitsa anthu pa Thames. Amamanga tinyumba ta makatoni, amapatsirana ndowa pa mzere, ndipo pomaliza amakambirana chimene chinachititsa kuti moto wa m'nyumba imodzi udye mzinda. Nkhaniyi imawagwira mtima chifukwa ili ndi chiyambi, pakati ndi mathero, ili ndi anthu otchulika maina, ndiponso chifukwa chilichonse chimene chinakuza motowo n'choti mwana angathe kuchiona ndi maso.

Blantyre ili nayo nkhani yake

Mwana wa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa angathe kuphunzira za London, ndipo n'kwabwino kuti atero. Komabe phunziro limalowa msanga likayambira pa malo amene mapazi ake anapondapo. Mzinda wa Blantyre, umene unayamba ndi mishoni ya 1876, n'kukhala ndi khonsolo yake mu 1895, n'kuphatikizana ndi Limbe mu 1956, unali ndi anthu oposa 800,000 pa kalembera wa 2018. Mzinda wotere sulephera kukhala ndi mbiri ya moto.

Mu September 2011 moto unaononga gawo lalikulu la msika wa Blantyre, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Mudi. Mu 2013 moto unagwira nyumba ya likulu la ESCOM pakati pa mzindawu. Kumpoto nako, pa 18 December 2015, nyumba yosungiramo mabuku ya pa Mzuzu University inapsa pamodzi ndi mabuku pafupifupi 45,000, monga anapsera mabuku a pansi pa St Paul's aja. Omvera a m'maboma ena akudziwa za misika ya kwao imene inapsapo, za nyumba zogona ana asukulu, ndi za midzi imene moto wa osaka mbewa unalowamo n'kupsereza nkhokwe.

Mwa zonsezi, nkhani ya msika ndiyo yoyenera kwambiri ana aang'ono, chifukwa msika amaudziwa. Amadziwa amayi ogulitsa tomato, achimwene a kaunjika, agogo a nsomba zouma ndi anyamata okazinga tchipisi pa chiwaya. Ndiponso munthu akaika msika wa m'tauni pambali pa London wa 1666, amadabwa kufanana kwake. Mabenchi ambiri ndi amatabwa, makatoni ndi mapepala apulasitiki. Amamangidwa mogundana, ndipo tinjira ta pakati pake n'topapatiza kotero kuti galimoto yozimitsira moto singalowe. M'katimo muli zovala, mafuta ophikira, makala ndi parafini. Mwezi wa September kuno ndi nthawi ya chilimwe, pamene zinthu zauma ndipo mphepo ikuomba. Nawo madzi sapezeka mwachisawawa, popeza ochuluka a mumzindawu amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda wautali.

Msika ukapsa, chimene chapsa si matabwa okha. Umapsa mpamba umene mayi anakongola ku banki mkhonde, fizi ya mwana wa ku sekondale, ndi lendi ya mwezi umenewo. Ana a zaka zisanu ndi chimodzi angathe kumvetsa zimenezi ngati mmodzi wa iwo aima pa malo a mayiyo kwa kanthawi.

Kakonzedwe ka sewero

Mphunzitsi wa Sitandade 1 kapena 2, ngakhalenso mlezi wa ku sukulu ya mkombaphala, safunika ndalama kuti achite zimenezi. Akufunika makatoni akale, zitenje zofiira kapena zachikasu zoimira malawi, chitenje chimodzi chakuda choimira utsi, ndowa zingapo zopanda madzi, ndi bwalo. Ntchitoyi ingagawidwe m'masiku anayi.

Tsiku loyamba ndi la nkhani. Mphunzitsi aisimbe monga agogo amasimbira nthano, koma awauze ana poyambirira kuti izi zinachitikadi. Ana aang'ono sazindikira kutalika kwa zaka, motero chingwe chimathandiza. Mfundo yoyamba pa chingwecho ikhale chaka chimene iwo anabadwa, yachiwiri pafupi pomwepo ikhale 2011, ina patali ikhale 1876, ndipo ya 1666 ikhale kutsidya kwa kalasi. Ngati pali kholo kapena agogo amene anauona moto wa pamsika, aitanidwe kuti adzasimbe yekha, ana amufunse mafunso. Umu ndi mmene mwana amayambira kudziwa kuti mbiri imachokera kwa mboni, monga mbiri ya London inachokera kwa Pepys.

Tsiku lachiwiri ndi lomanga. Ana aimike msika wao wa makatoni, ndipo mphunzitsi awalole kuuthithikanitsa mmene angafunire. Kenaka atenge katoni yaikulu, aitche galimoto ya ozimitsa moto, ndi kuuza mwana mmodzi kuti aidutsitse pakati pa mabenchi. Ikakanika, ana aone okha chimene chavuta. Tsiku lomweli ndi loyenera kuwaphunzitsa kuti moto umakhala pa mafuwa atatu: choti udye, mpweya, ndi kutentha. Mwana aliyense amadziwa kuti fuwa limodzi likachoka mphika sukhala. Wothira madzi akuchotsa kutentha. Wokwirira ndi mchenga kapena wovundikira ndi bulangete lonyowa akuchotsa mpweya. Wolambula tchire kapena wogwetsa benchi akuchotsa chakudya cha moto. Apa mphunzitsi anenetse kuti moto wa mafuta ophikira, wa parafini ndi wa magetsi sathira madzi, chifukwa mafuta amathovoka n'kumwaza moto, ndipo madzi amatenga magetsi kuwafikitsa kwa wothirayo.

Tsiku lachitatu ndilo la sewero lenileni. Ngakhale kalasi ikhale ya ana oposa 100, aliyense angapeze mbali yake. Pakhale ogulitsa ndi ogula, mlonda, ana ogwira zitenje za malawi, ena oimira mphepo, ozimitsa moto, anamwino a ku Gulupu, mfumu ya mzinda, ndi mtolankhani wa wailesi. Msika uyambe monga mwa masiku onse, anthu akunenerera mitengo. Dzuwa lilowe, ogulitsa aweruke. Kenaka chitenje chimodzi chofiira chidzuke pakona, mphepo iyambe kuomba, ndipo chitenjecho chikhudze benchi yoyandikana nayo, chachiwiri n'kudzukanso.

Mlonda afuule kuti, "Moto! Moto kumsika kuno! Dzukani anthu inu!"

Kufuulaku ndi phunziro loyamba, ndipo mwana aliyense apatsidwe mpata woyesa. Mwana akaona moto, makamaka ngati wauyatsa ndi iye mwangozi, amakonda kukhala chete kapena kubisala kunsi kwa bedi poopa kukwapulidwa. Ana ambiri amapsa chifukwa cha mantha amenewa. Seweroli limuzoloweretse kuti woona moto amakuwa ndi kuthamangira kwa munthu wamkulu.

Phunziro lachiwiri ndi la utsi. Ana awiri atambasule chitenje chakuda chija cha m'chiuno, ndipo anzao adutse kunsi kwake chokwawa. Utsi umakwera m'mwamba, mpweya wabwino umatsalira pansi, ndipo pa moto wa m'nyumba utsi ndiwo umagwetsa anthu malawi asanawafike. Onse akatuluka akasonkhane pansi pa mtengo umodzi wosankhidwiratu, mphunzitsi n'kuwawerenga.

Phunziro lachitatu lingabwere m'mau a mayi ndi mwana wake.

"Amayi, ndalama zatsala m'benchi muja. Ndikatenge?"

"Iyayi mwanangu, usabwerere. Ndalama zimapezeka, koma iwe ndingakupezenso kuti?"

Kenaka mwana mmodzi akhudzidwe ndi chitenje chofiira, kusonyeza kuti malaya ake ayaka. Asathamange, pakuti kuthamanga kumakoleza moto. Aime, adzigwetse pansi, aphimbe nkhope ndi manja, ndi kugubuduka uku ndi uku. Anamwino aja abwere ndi ndowa, ayerekeze kuthira madzi ozizira ndi oyera pa balalo kwa mphindi 20, aliphimbe ndi nsalu yoyera, ndi kumunyamula kupita naye kuchipatala. Mphunzitsi aikepo mwana wina wobwera ndi dzira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta, kuti anamwinowo amukanize mwaulemu kuti, "Pepani azakhali, pa bala la moto sapakapo zimenezo. Madzi okha." Anenenso kuti nsalu imene yamatirira pa bala saimatula. Mau amenewa ana adzakawabwereza kunyumba, ndipo adzafika m'makutu mwa akuluakulu amene sanapiteko ku phunzirolo.

Tsiku lachinayi ndi lomanganso. Mfumu ya mzinda iitanitse msonkhano, ogulitsa adandaule zimene ataya, ndipo onse apangane mamangidwe atsopano. Ana amafulumira kunena okha kuti njira zikhale zotakata, kuti okazinga tchipisi akhale patali ndi ogulitsa zovala, ndi kuti pakhale mpopi pafupi. Akatero mphunzitsi awauze kuti anthu a ku London anagwirizana zofanana ndi zomwezo mu 1667. Ngati n'kotheka, ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda apemphedwe kudzacheza ndi anawo, ndipo nambala yao ya foni ilembedwe pakhoma la kalasi.

Funso limene ana sadzalephera kufunsa

Sewero lisanathe, mwana wina adzaimika dzanja. "Aphunzitsi, anayatsa motowo ndani?" Mayankhidwe a funso limeneli ndi mbali yolemera ya phunziro lonse.

Ku London, moto uli mkati, mphekesera inafala yakuti auyatsa ndi alendo ochokera ku France ndi ku Holland, maiko amene England inali nawo pa nkhondo. Alendo ena anamenyedwa m'miseu. Munthu wina wa ku France, Robert Hubert, amene maganizo ake sanali okhazikika, anavomera kuti anayatsa ndiye, ndipo ananyongedwa mu October 1666. Pambuyo pake zinadziwika kuti iye anatsika m'chombo ku London moto utayaka kale masiku awiri. Ngakhale pa chipilala chija panalembedwa mau onamizira Akatolika, amene anadzafufutidwa kotheratu mu 1830.

Nacho chaka cha 2011 chinali cha mikangano ya ndale m'Malawi, ndipo msika utapsa anthu analozana zala. Khalidweli silichitika m'tauni mokha. Kumudzi nyumba ikapsa usiku, kawirikawiri chala chimaloza nkhalamba yokhala yokha, ndipo pali agogo amene amenyedwa kapena kuthamangitsidwa pa mlandu wa ufiti umene palibe anauona.

Motero m'sewero muikidwe kachigawo kakang'ono. Ogulitsa ena agwire munthu wodutsa ndi njira, n'kumati ndi yemweyu. Mfumu ya mzinda iwaletse, ifunse mmodzimmodzi kuti, "Kodi inu bambo, munamuona ndi maso anu, kapena mwangomva?" Onse akayankha kuti angomva, munthuyo amasulidwe. Mtolankhani uja pouza anthu nkhaniyo anene zokhazo zimene mboni zaona. Mwana amene waphunzira kusiyanitsa chimene waona ndi chimene wamva wayamba kale kuphunzira mbiri, ndipo tsiku lina akadzakula adzakhala wovuta kumukokera m'gulu loponya miyala.

Zoyenera kusamala

Choyamba, pa sewero lonse pasakhale moto weniweni, ngakhale machesi amodzi. Sukulu zina za ku England zimatentha tinyumba ta makatoni tija pabwalo pomaliza phunziro, koma pa sukulu ya ana ochuluka, ya udzu wouma m'mbali ndiponso yopanda mpopi wodalirika, zimenezi n'kuitana tsoka. Komanso mwana woona akuluakulu akuyatsa makatoni mokondwera angakayese yekha kuseri kwa nyumba.

Chachiwiri, mphunzitsi adziwe ana ake. M'kalasi mungakhale mwana amene nyumba ya kwao inapsa, amene anataya mbale wake, kapena amene ali ndi zipsera. Makolo ake aonedwe phunziro lisanayambe, ndipo mwanayo asakakamizidwe. Akafuna kutenga mbali, apatsidwe ya mphamvu monga ya wozimitsa moto kapena namwino.

Chachitatu, mwana aliyense asapatsidwe mbali ya woyatsa moto, chifukwa dzina lotere limakakamira mpaka kunja kwa kalasi. Ndipo amene anasewera mbali ya munthu wonamiziridwa uja agwiridwe chanza ndi anzake onse sewero likatha. Pomaliza ana avule zitenje, atchulane maina ao enieni, kuti aliyense adziwe kuti masanje atha.

Chachinayi, ana auzidwe momveka kuti kuzimitsa moto ndi ntchito ya akuluakulu. Mbali ya mwana ndi kukuwa, kutuluka, ndi kusabwerera. Mzere wopatsirana ndowa ndi wosonyeza chabe mmene anthu amathandizirana, popeza mutu umodzi susenza denga.

Makolo nawo ali ndi gawo lao. Mwana akabwera kunyumba n'kuyamba kufunsa chifukwa chake kandulo yaikidwa pafupi ndi katani, kapena chifukwa chake mbaula ili pakhomo pamene mng'ono wake akukwawa, asakalipiridwe kuti wayamba mwano. Banja lingathe kuchita sewero lakelake madzulo amodzi, kuti aliyense adziwe potulukira, pamene kiyi amakhala, ndi pokakumana panja. Pa nyumba ya mazenera otchingidwa ndi zitsulo, funso la kiyi ndi la moyo ndi imfa. Ndipo pakhomo pamene pali wodwala khunyu, ana adziwe kuti munthuyo sasiyidwa yekha pafupi ndi moto, ndi kuti akagwa, kumukoka pamotopo sikupatsirana matenda.

Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Ana amene lero akukwawa kunsi kwa chitenje chakuda pa bwalo la sukulu ndiwo adzakhale ogulitsa m'misika, amisiri omanga nyumba, makhansala ogawa malo, ndi makolo osunga machesi. Anthu a ku London anaimika chipilala kuti zidzukulu zao zisaiwale. Mizinda ndi midzi ya kuno ingathe kusunga chikumbutso chake m'masanje a ana, chaka ndi chaka, mwezi wa September usanafike. Phindu lake lidzaoneka pa Ginnery Corner, tsiku limene anamwino a m'chipinda chija adzayambe kupeza mabedi ena opanda mwana wogonapo.